Madzi Ochokera M'denga

Madzi a m'nyumba ya Chabwino ankatuluka ofiira ngati tiyi wopanda mkaka. Mapaipi anali achitsulo, akale ngati nyumba yomweyo, ndipo dzimbiri linali litawadya m'kati mwakuti mpopi wa kubafa unkangodontha ngati mphuno ya chimfine. Dzina la Chabwinoli sanabadwe nalo. Anamupatsa ndi anzake a kushopu yometera kumene ankagwira ntchito, poona kuti mawu oti "ayi" ankamulemera pakamwa.

Mkazi wake anali woyembekezera, ndipo madokotala anamugoneka m'chipatala masiku ake asanakwane chifukwa magazi ankathamanga kwambiri. Asanachoke anaitana yekha pulambala wodziwika bwino m'deralo, nagwirizana naye kuti mapaipi onse asinthidwe.

"Mwana wanga sadzasamba dzimbiri," anauza mwamuna wake, chikwama chili m'manja. "Ndipo ntchitoyi ikhale ya munthu mmodzi. Achimwene akamva abwera, ndikuwadziwa. Muwauze kuti tinapeza kale munthu."

"Chabwino," anayankha mwamunayo.

Pulambalayo anali bambo wachikulire, wosachulutsa gaga m'diwa. Asanatsitse n'komwe zida zake anaika lamulo.

"Ine ntchito yanga sindigawana ndi munthu, bwana. Chikaphulika, aliyense amaloza mnzake. Mwandipatsa ine, ndimalize ine."

"Chabwino."

Anatseka madzi pamita, nadula paipi yakale pomwe inkalowera m'nyumba, n'kuyamba kuyala mapaipi apulasitiki m'khitchini ndi m'denga. Ankagwira m'mawa mokha, masana ankapita kwina.

Sizinatenge nthawi, mlamu wake wa Chabwino, mchimwene wa mkaziyo, anatulukira. Ntchito inali itamuthera kukampani yomanga nyumba, ndipo nsapato zake zinkanena zonse zimene pakamwa pake sipakananena.

"Alamu, ndamva kuti mukusintha mapaipi," anatero akumwetulira ndi mano okha. "Ndiye mwandidumpha ngati ngalande? Kapena manja anga anatha pamodzi ndi ntchito ija?"

Mawu amene Chabwino anasiyiridwa ndi mkazi wake anafika pakhosi n'kubwerera. Kumukana mlamu, anaona ngati kumukankhira munthu wogwa kale. Kumuchotsa pulambala, anaopa nkhope ya mkazi wake. Ndiye anapeza nzeru imene iye anaiona ngati yakuya.

"Ayi alamu, ndimati ndikuitaneni. Inu muyale paipi yapanja, kuchokera pamita mpaka kukhoma lakuseri. Za m'nyumba tidzaona bwino. Koma muzibwera masana, m'mawa aneba amadandaula phokoso."

Kuyambira pamenepo Chabwino anasanduka mlonda wa bodza lake. M'mawa ankabisa piki ndi fosholo za mlamu kuseri kwa mpanda. Masana ankakhoma nyumba, n'kumati wathira mankhwala a mphemvu. Kushopu maso ake ankakhala pawotchi, mpaka tsiku lina anasenga khutu la kasitomala.

Pulambala ataona ngalande panja anaima chilili.

"Akukumba apa ndani?"

"Ndine, ndikufuna ndikupepuzeni."

"Manja ometa tsitsi akukumba mowongoka chonchi?"

Chabwino anangoseka.

Naye mlamu atafika kukhoma lakuseri anapeza kapaipi katsopano katatuluka kunja. "Aka mwaika ndani, alamu?"

"Ndine, ndimangoyeserera."

"Mwayamba kundilanda ntchito," anatero mlamuyo akuseka, osaganiza zambiri.

Ntchito ili pafupi kutha, pulambala anatsika pamakwerero akusasa fumbi kumutu. "M'denga, pamwamba pa chipinda chanu chogona, ndasiya paipi imodzi yosatseka kukamwa. Cholumikizira chake chandithera, ndibwera nacho. Musadandaule, nyumbayi sinalumikizidwe kumita, madzi sangafikeko."

Chabwino anagwedeza mutu. Mumtima anati masana amuchenjeza mlamu kuti asatsegule madzi. Koma amuchenjeza bwanji popanda kuulula kuti m'denga mwakhala mukulowa munthu wina? Masana aja anafika, mlamu anabwera, anacheza za mpira, ndipo Chabwino anati anena mawa.

M'mawa mwake foni inalira. Mwana, amene anabadwa mwa opaleshoni kumayambiriro kwa sabatayo, anali atapezeka kuti ali bwino, ndipo mayi ndi khanda ankatulutsidwa. Chabwino anayala bedi, anaika zovala za mwana pamwamba pake, anakhoma chitseko n'kuthamangira kuchipatala. Kumeneko mapepala ndi mankhwala zinawachedwetsa mpaka dzuwa linapendeka.

Ali m'takisi pobwerera, foni inanjenjemera m'thumba. Unali uthenga wa mlamu: *Ndalumikiza, ndatsegula madzi. Panja sipakudontha paliponse. Ndapita kukasamba, ndibwera kudzaona khandalo.*

Chabwino anayang'ana nthawi imene uthengawo unatumizidwa, n'kuona kuti unali wakalekale, unangochedwa kulowa. Anaimba. Foni inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso.

"Mukuimbira ndani mobwerezabwereza?" anafunsa mkazi wake, atafukata mwana.

"Kuntchito."

"Nanga kuntchitoko kwagwanji?"

Chabwino anawerama n'kunong'oneza dalaivala kuti aponde moto.

"Ayi, yendetsani pang'onopang'ono," anatero mayiyo. "Bala langa silinapole."

Galimoto inayenda ngati ikuwerenga mabampu. Patsogolo pawo panalowa lole ya mchenga, msewu n'kupanikizana.

Atakhota kulowa mumsewu wakwawo, anaona aneba ataunjikana pageti. Madzi ankatuluka pansi pa chitseko, kutsika masitepe, n'kumayenderera mpaka kumsewu. Chabwino anatsika galimoto isanaime bwino. Anathamangira pamita, napotokola chotsekera ndi manja onse awiri mpaka chinalimba. Kenako analunjika kuchitseko, kiyi ili m'manja.

Dzanja lolimba linamugwira paphewa. Anali pulambala, amene anali atangofika ndi cholumikizira chija.

"Osaponda m'madzimo. M'denga muli mawaya. Mukufuna mwanayu akule wamasiye?"

Bamboyo anazungulira kubokosi la magetsi nathimitsa. Apo ndiye anatsegula chitseko. Madzi anawalonjera m'mapazi. M'chipinda chogona siling'i inali itafufuma ngati mimba ya ng'ombe yakufa, ndipo akuyang'ana chomwecho inang'ambika. Inagwa yonse pabedi, ndi fumbi la zaka zambiri, ndowe za makoswe ndi madzi akuda. Zovala za mwana zinakwiririka pansi pake.

Posakhalitsa mlamu analowa atatchena, kabeseni katsopano kosambitsira mwana kali m'khwapa.

"Chachitika n'chiyani?"

"Amene walumikiza paipi yapanja ndani?" anafunsa pulambala.

"Ndine. Nanga inu ndinu ndani?"

"Ndine mwini ntchito ino."

"Mwini ntchito ndine."

Anayang'anizana ngati atambala. Kenako, pang'onopang'ono, maso a onse awiri anatembenukira kwa Chabwino. Iye anatsegula pakamwa, koma bodza linali litamuthera.

Pulambala sanakweze mawu. Anaika cholumikizira chija pawindo, nanyamula chikwama cha zida. "Ndinakuuzani tsiku loyamba, bwana. Amene mumagawana naye ntchito amalize."

Mlamu anaika kabeseni pansi, kakuyandama. "Mukanandiuza kuti muli ndi munthu, ndikanakwiya, mawa n'kuiwala. Koma taonani. Dera lonse lino linena kuti ndine ndamiza nyumba ya mlongo wanga. Andipatsenso ntchito ndani?"

Mkazi wa Chabwino anali ataima pakhomo, dzanja limodzi pabala, lina litafukata khanda. Anayang'ana bedi lija nthawi yaitali.

"Tikanafika msanga, bwenzi nditamugoneka pamenepo," anatero motsitsa. Anatembenukira kwa mchimwene wake. "Achimwene, auzeni adalaivala asatsitse katundu. Tikupita kwa amayi."

"Mayi a mwana, ndimafuna kuti pasakhale wokhumudwa," anatero Chabwino.

"Ndiye werengani amene akusekerera pano."

Takisi inabwerera chambuyo n'kuzimiririka. Aneba anabalalika mmodzimmodzi, akunong'onezana. Chabwino anatsala yekha m'chipindamo, madzi ali m'akakolo, akukoka matiresi olemera ngati mtembo. Mmisiri analibe, mlamu analibe, ndipo mwana amene anali asanamunyamule mokwanira n'komwe anakagona nyumba ina. Anafuna kuusa mvula kuwiri nthawi imodzi, ndipo inamupeza ali pakati. Akuluakulu sananame: mapanga awiri avumbwitsa.