Mbale Yopanda Mwini ku Radom

Mumzinda wa Radom, madzulo oti mawa ndi Khirisimasi, mayi aliyense amaika patebulo mbale imodzi yopanda mwini, kuti mlendo akagogoda asabwerere ndi njala. Chithereni banja lake ndi Tadeusz, Danuta ankaika mbaleyo chaka ndi chaka n'kumaichotsa youma. Chaka china inapeza mwini: Leszek, bambo wa pakamwa pa uchi amene anadziwana naye pa intaneti, pamalo ofunirana mabanja.

Akupala nsomba mamba kukhitchini, mkulu wake Halina anaiyamba nkhani.

"Iwe, dzina lakelo walifufuza m'kaundula wa boma uja wa anthu ogwirira ana ndi amayi? Foni ili m'thumba mwakomo."

"Achemwali, upolisi mwauyamba liti? Wodzadya m'mbale iyi safunsidwa mbiri. Amayi anatiphunzitsa choncho."

"Amayi ankanena wapaulendo, wodya n'kumapita. Osati wodzavula nsapato m'nyumba muli mwana wamkazi."

"Nsanje basi! Inu mwamuna amene anakuyang'anitsitsani komaliza ndi dokotala wa maso."

Halina anapukuta m'manja, naisiya nkhaniyo.

Leszek anafika ndi maluwa, napsompsona dzanja la Halina, nanyemerana mkate wa mafuno abwino ndi Jagoda, mwana wa Danuta wa zaka khumi. Danuta, chimwemwe chitamuledzeretsa, anajambula onse n'kuika chithunzicho pa intaneti, dzina la mlendo lili pamunsi, kuti omuseka aone.

Amene anaona ndi Tadeusz, ndipo iye analibe mwambo womumanga manja. Atangolemba dzinalo m'kaundula muja, nkhope ya Leszek inatulukira. Anali atakhalapo kundende chifukwa chogwirira mwana wa mayi wina amene anam'peza mwa njira yomweyo.

Leszek anazimirira ngati mame. Anali asanamuchite kanthu Jagoda, koma Tadeusz atakasuma kukhoti kuti atenge mwanayo, woweruza anafunsa Danuta funso limodzi lokha.

"Mayi, njira yodziwira munali nayo?"

Danuta anayang'ana Halina, kenako pansi. "Ndinali nayo."

Mwana anapita kukakhala ndi bambo ake ku Gdansk.

Khirisimasi yotsatira, Halina anapeza mng'ono wake akuyala tebulo. Mbale zopanda eni zinali ziwiri tsopano, ina yaing'ono, yamaluwa m'mphepete.

"Bwanji simunandikakamize, achemwali?"

"Ine? Ndiuyambe liti upolisi?"

Anakhala pansi awiriwiri, khutu lili kukhomo, mpaka supu anazizira. Palibe anagogoda.

Akuluakulu sanalankhule ataledzera: safunsa anadya phula.