Chipsera Chimene Mafoni Anafufuta

Ndagi!

Mwati gize? Imvani tsono. Kalilole wanga amandikonda. Akandikonda pang'ono ndimasekerera, akandikonda kwambiri ndimasowa.

Musathamangire kuyankha. Si madzi a pachitsime, si galasi la minibasi. Khalani pansi, yankho libwera lokha.

Kutali, kuseri kwa nyanja zamchere, mumzinda umene nyumba zake zimakanda mitambo, kunali anthu awiri opanga mafoni. Nyumba zawo zinali zoyang'anizana, msewu pakati. Wina ankadinda namzeze kumsana kwa mafoni ake, mnzake ankadinda nthanda. Sanali anthu oipa ayi. Anali anthu amantha. Aliyense akadzuka ankayamba wasuzumira pazenera kuti aone chimene mnzake wapanga.

Wa namzeze akapanga foni yopyapyala ngati tsamba la nthochi, wa nthanda ankapanga yopyapyala ngati khoko la anyezi. Uyu akakulitsa yake n'kukhala tabuleti yonga sileti ya mwana wa sukulu, uyo ankatulutsa tabuleti yopindika pakati ngati mpango. Wina anaika diso limodzi lojambulira, mnzake anaika awiri, winayo anawonjezanso, mpaka kumsana kwa foni kunkaoneka ngati nkhope ya kangaude. Mafoniwo ankawoloka nyanja m'makatoni, n'kufika mpaka m'misika yathu ino, pambali pa tomato ndi kaunjika.

Kenaka nzeru zinawathera. Mafoni awo anafanana ngati mapasa, ndipo ogula ankangotola imene yawayandikira.

Tsiku lina wa namzeze anaona mtsikana pamsewu akudzijambula. Mtsikanayo anayang'ana chithunzi, anausa moyo, n'kuchifufuta. Anajambulanso, anafufutanso. Munthu uja anabwerera m'nyumba mwake nakaphunzitsa foni yake chifundo: ikaona chiphuphu, izichichotsa mwakachetechete. Anthu anakhamukira kwa iye. Wa nthanda chakudya sichinamulowe tsiku limenelo. Posakhalitsa foni yake inayamba kusita makwinya. Ya namzeze inayeretsa mano. Ya nthanda inadetsa imvi. Ya namzeze inawalitsa khungu, ya nthanda inawalitsa koposa, n'kuchepetsako ndi mphuno yomwe. Panalibe amene anafuna kunama kwambiri. Aliyense ankangofuna kuposa mnzake pang'ono chabe.

Tsono kuno kwathu kunali mayi wina, dzina lake Nagama, amene anapita ku Joni kukagwira ntchito ya m'nyumba. Mwana wake wamkazi, Mwatitha, anamusiya m'manja mwa mng'ono wake, mwanayo akungoyamba kumene kuguluka mano.

Mwatitha anali ndi chipsera pamwamba pa diso lamanzere, chopindika ngati mwezi watsopano. Anagwera pamlomo wa ndowa kumjigo ali wamng'ono. M'mawa uliwonse Nagama akamamudzoza mafuta, ankamalizira pachipserapo. Ankaikapo chala chachikulu, n'kuzunguliza pang'ono, n'kunena kuti, "Ndadinda. Ndiwe wanga."

Mvula inagwa, inakata, inagwanso. Mapepala a Nagama sanali olongosoka, choncho zobwera kumudzi zinali zovuta. Mwana atasinkhuka, mayi anamutumizira foni ya namzeze pabasi, iye n'kusunga ya nthanda. Anayamba kutumizirana zithunzi.

Nagama ataona chithunzi choyamba anati, "Mulungu ngwabwino, chipsera chija chinapola mpaka kutheratu." Anakondwa, komabe chala chake chachikulu chinkangofisa m'mphepete mwa foniyo ngati chikufuna kanthu kamene kasowa.

Mwatitha nayenso ataona mayi ake anagwira pakamwa. Anali owala ngati amayi owerenga nkhani pa kanema. Akakhala m'kalasi masana, maso ali pazenera, ankawaona akuyenda pamwamba pa ngayaye za chimanga, mapazi osakhudza pansi, chitenje chikuuluka ngati mtambo.

Koma zoona zake n'zakuti chisanu cha ku Joni chinali chitamuumitsa Nagama. Sopo anamung'amba manja, imvi zinamera msanga, dzino lina lam'mbali linachoka. Iye ankadziwa kuti chithunzi chake chikunama, koma ankati, "Mwana asaone kutopa kwanga." Mwatitha ankadziwanso kuti chake chikunama, koma ankati, "Mayi okongola chonchi angamukonde bwanji mwana wa ziphuphu?" Aliyense ankadziwa bodza lake, n'kumakhulupirira la mnzake. Foni ikakalamba n'kugula yatsopano, yachifundo koposa, mayi ndi mwana ankatalikirana pang'ono kuwonjezera apo, ngakhale ankaonana tsiku ndi tsiku.

Pomaliza Nagama anatumiza mawu.

"Mwatitha mwanawe, ndifika Loweruka. Ndinakusiya nthawi yaitali, ndikudziwa. Ngati ndikadali mayi wako, ubwere wekha kudepoti, usatume munthu. Ndikapanda kukuona ndimva, sindikukwiyira. Katundu ndimusiya kwa akondakitala, ine ndibwerera ndi basi yomweyo."

Loweruka m'mawa Mwatitha anaima pa kalilole weniweni, wothyoka m'mbali uja wa amayi ake aang'ono. Mwezi uja unali pomwepo pamwamba pa diso. Anatenga mpango naumanga motsitsa, mpaka unakhudza nsidze.

Kudepoti dzuwa linali paliwombo, mpweya ukunjenjemera pamwamba pa malata. Ogulitsa mafoni awiri ankalimbirana anthu pachipata.

"Namzeze yatsopano, sisi! Ikakujambulani, abwenzi anu akale adzalira!"

"Asakunamizeni ameneyo, namzeze wake ngwothothoka nthenga! Nayi nthanda! Agogo akalowamo amatuluka namwali!"

Basi inalowa itasanduka yofiira ndi fumbi. Mwatitha anatsegula chithunzi cha mayi ake naima pafupi ndi chitseko. Aliyense wotsika ankamuyang'ana kumaso, n'kuyang'ana pafoni, n'kupukusa mutu. Mayi wina wowonda, wa imvi, anatsika akukoka thumba lalikulu la mizeremizere. Nayenso maso ake ankasakasaka, kufuna namwali woyera wa nkhope yosalala. Thumba lija linakhula phazi la Mwatitha.

"Pepa, mwanawe."

"Palibe kanthu, amayi."

Anadutsana.

Mwatitha anaimba foni, koma siinalowe, pakuti ya Nagama inali itatha moto m'njira. Anthu anatengana awiriawiri, ena akulira, ena akuseka, mpaka depoti inapepuka. Basi inatsukidwa, inayamba kupakiranso. Kondakitala anayamba kukuwa, "Joni! Joni! Otsala atsale!"

Nagama anapereka thumba lake kwa kondakitala, nakakhala pabenchi kudikira kuti amuitane. Sanalire. Ankangoyang'ana manja ake.

Mwatitha anali atafunsa aliyense kupatula mayi wa imviyo. Anayandikira, nanyonyomala pang'ono mwaulemu.

"Amayi, pepani. Munali m'basi imeneyi? Simunawaone awa?"

Nagama anayang'ana pafoni. Anaizindikira bulauzi yake yobiriwira, analizindikira khoma lakumbuyo. Kenaka anakweza maso. Pamaso pake panaima namwali wamtali, wakuda bwino, wa ziphuphu m'masaya, mpango uli m'nsidze.

Nagama anamuzindikira mwana wake. Mwanayu wabwera, inde. Koma wabwerera mayi wowala uja. Zinali zosavuta kunena kuti sindinawaone, n'kukwera basi, n'kumusiyira mwana mayi wake wokongola kuti aziyendabe pamwamba pa ngayaye.

"Ndinawaona," anatero Nagama. "Anatsala m'njira."

"Anatsala pati? Akudwala? Kapena sanafune kundiona?"

Basi inaliza hutala. Nagama anakweza dzanja lake long'ambika lija, nakankhira mpango wa mtsikanayo m'mwamba. Mwezi unali pomwepo, monga anausiyira. Anaikapo chala chachikulu, nazunguliza pang'ono.

"Ndadinda."

Maso a Mwatitha anali atanamizidwa zaka zonsezo, koma mphumi yake inali isanaiwale chala chimenecho. Foni inapulumuka m'manja mwake n'kugwera m'fumbi chafufumimba, ndipo panalibe amene anaitola msanga.

"Amayi?" Anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, misozi ikutsika. "Koma mwafupika bwanji?"

"Iwe ndiye watalika ngati nsungwi. Amakudyetsa chiyani amayi ako aang'onowo?" Nagama anaseka, mpata wa dzino uja unaonekera, ndipo sanaubise. Kenaka anatembenukira kubasi. "Akondakitala! Tsitsani thumba lija!"

"Aa, mayi, ndasanja kale, lili pansi penipeni!"

"Sanjulani, bambo. Ndafika."

Anthu awiri a kuseri kwa nyanja aja sanamve kanthu za nkhaniyi. Sabata yomweyo wa namzeze anatulutsa foni yotha kumwetulitsa munthu wosamwetulira. Wa nthanda anasuzumira pazenera, anaona, ndipo chakudya sichinamulowenso.

Ndagi ija mwaimasula tsopano. Kalilole wokonda mopitirira ndi diso la foni limene lili m'thumba mwanu, kapena m'thumba mwa achemwali anu. Anzanga, opanga mafoni apitiriza kuthamangitsana, ndipo zina zimene amatipatsa n'zabwino ndithu: popanda iwo Nagama sakanamva mawu a mwana wake zaka zonse zija. Koma iwo akupikisana kuti muwasankhe. Sakukudziwani. Sadziwa kuti munagwera pandowa iti, kapena kuti ndani anakupukutani magazi. Chimene makina awo amachiyesa chilema, mwina ndicho chimene munthu wokukondani adzakudziwireni pakati pa khamu. Choncho mukamatumiza nkhope yanu kwa amene ali kutali, kamodzikamodzi tumizani yeniyeniyo, ya thukuta, ya chipsera, kuti tsiku lofika asadzakudutseni n'kukupepesani ngati mlendo.

Sungeni, mwana iwe wakhala kutsogoloku, wakweza dzanja kalekale. Ukuti chiyani?

"Nanga amayi okongola aja anatsala m'njira, anakawatenga ndani?"