Phala la Amalume, Galimoto ya Azakhali

Pamsika pali lamulo losalembedwa pa chikwangwani chilichonse: mbuzi imodzi sailonjeza kwa ogula awiri. Ukatero, dzuwa limakulowera uli ndi mbuzi yako yomweyo, ndi adani awiri a basela. Ana inu, pali mwambi wonena zomwezi, ndipo kwathu ku Linthipe timati unabwera ndi mtsikana wina dzina lake Sigele.

Sigele bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono. Anakula ndi mayi ake, nakhoza bwino mayeso a fomu folo, ndipo anamuitana ku Lilongwe kuti akalembe mayeso olowera ku koleji ya unamwino. Mayesowo ankabwera kamodzi pachaka. Mayi ake anali atanena poyera kuti, "Ankhoswe a mnyamata wa kutsidya uja abwera kawiri. Ndawauza kuti adikire mayesowa. Akabweranso ndilibe chowauza."

Mtsikanayo sanafune banjalo, choncho anawerenga. Akapumula kumunda ankawerengera masamu pansi ndi kamtengo, mpaka nyerere za m'mizere zinatsala pang'ono kudziwa kugawa.

M'tauni anali ndi abale awiri. Ku Mchesi kunali amalume ake, a Malizani, ogulitsa tomato, eni njinga yamoto. Ku Kawale kunali azakhali ake, a Nagama, mlongo wa malemu bambo ake, amene amuna awo, a Chimkono, anali ndi galimoto. Zaka zonse za sukulu panalibe mwa iwo anafunsako ngati mwanayo ali ndi pensulo. Koma atamva za unamwino, onse anakumbukira chibale. Nkhuku ikayamba kuikira, aliyense amati anaiwazirako gaga.

Tsiku loti mawa mayeso, a Nagama anamuchingamira pa depoti.

"Ugona kwathu," iwo anatero. "Mawa a Chimkono akakutula pakhomo penipeni pa holo ya mayeso. Magazi a mchimwene wanga sangakwere njinga yonunkha tomato wowola."

"Chabwino, azakhali."

Masana anapita kukalonjera amalume ake. Anagwada, napereka mtedza wochokera kumudzi.

"Wafikira kwa yani?" anafunsa a Malizani.

"Kwa azakhali."

"Kwa akuchimuna? Kodi anapiye amatsata tambala? Iwe ndiwe mbumba yanga. Mawa usanagwire cholembera udye phala la m'nyumba muno, kenako ndikakutule ndekha. Anthu adziwe kuti namwinoyu anachokera khomo liti."

"Chabwino, amalume."

Taonani, ana inu. Mawu akuti "chabwino" ndi otsika mtengo powanena, koma powawombola amadula.

Kutacha, kumwamba kunali kutada. A Nagama anamuona akumanga nsapato.

"Ulendo wa kuti?"

"Ndikangolawako phala kwa amalume, ndibwera pompano."

"Tiyi wanga ali ndi mankhwala?"

Sigele anamwa tiyiyo ali chiimire, nathamangira ku Mchesi. A Chimkono anali akupukuta galasi la galimoto. Atamva kumene mwanayo walowera, anapinda kansanza kawo bwinobwino.

"Ine si dalaivala wa a Malizani," anatero. "Womudyetsa amunyamule." Analiza galimoto napita kuntchito.

Ku Mchesi, Sigele anapeza akazi a amalume ake akulimbana ndi mbaula, makala ali a chinyontho. Njinga panalibe.

"Amalume ali kuti, mayi?"

"Alawirira tomato. Ati popeza wagona kwa agalimoto, akunyamula ndi omwewo. Kwathu kuno ndi phala."

"Ndiye ndibwerere msanga, ndichedwa."

"Osadya? Amalume ako akabwera ndiwauza chiyani, kuti wanyoza mphika wanga? Khala pansi, lipsa pompano."

Mwana woleredwa bwino satsutsana ndi mphika. Anakhala. Phala linapsa panthawi yake ya phala, iye nalimeza likuwotcha, misozi ili mbwe. Akutsuka mbale, mvula inayamba, ija yosagogoda.

Anafika ku Kawale madzi akuchucha m'tsitsi. Pabwalo panali malo ouma aatali ngati galimoto, ndipo mvula inali kuwamaliza.

"Apita," anatero a Nagama ali pakhonde. "Amalume ako amati ife ndife atambala, paja. Bwerera kwa eni mbumba."

Kuseri kwa chitseko chawo kunali ambulera. Kwa amalumenso inalipo. Zonse ziwiri zinakhala zouma tsiku limenelo.

Pamsewu, minibasi zinkadutsa zitadzaza, ndipo makondakitala ankayang'ana kumbali, poti munthu wonyowa amanyowetsa mipando. Sigele anavula nsapato, nathamanga. Pofika pa holo ya mayeso anapeza chipata chotseka, mlonda ali m'kanyumba kake.

"Bambo, ndithandizeni. Dzina langa lili m'katimo."

"Dzina lili m'kati, achemwali, koma inu muli kunja. Anayamba kalekale. Ndikatsegula, mawa tikhala awiri osowa kolowera."

Sigele anaima pansi pa denga la kanyumbako mpaka anzake anatuluka, akukangana za mafunso. Anamvetsera. Lililonse limene ankatchula, yankho linkabwera lokha pamilomo pake, ndipo lina la masamu linali lomwe lija analithetsa kumunda ndi kamtengo. Palibe anamufunsa.

Madzulo a tsikulo kunachitika chozizwitsa. A Malizani ndi a Nagama, amene sanagwirizanepo chichokereni pa maliro a bambo a Sigele, anagwirizana chimodzi: kuti mtsikanayo ndi wosakhazikika, ndipo khalidweli analitengera mbali inayo.

Sigele atabwerera kumudzi, mayi ake anamva nkhani yonse osamudula. Anatulutsa zovala za m'chikwama, zikununkha chinyezi, naziyanika pa mpanda.

"Ukanafikira kwa mlendo, bwenzi utalemba," anatero. "Mapanga awiri avumbwitsa, mwana wanga."

Mwezi usanathe ankhoswe aja anabweranso, ndipo mayiwo analibe chowauza.

Phanga ndi pobisalira mvula ukakhala kuphiri. Woona phanga limodzi amalowa, kaya ndi lothina, kaya mukununkha mileme, ndipo amauma. Woona awiri amayamba kuyerekeza: akalowa ili, akumbukira lija, ndipo mvula imamupeza pakati. Tanthauzo lake ndi lakuti wodalira malo awiri nthawi imodzi amataya onse, makamaka pamene aliyense akuganiza kuti mnzake ndiye akusamala. Tsiku la mayeso anu likadzafika, sankhani khomo limodzi, njira imodzi, ndipo wonyamuka naye mumudziwe dzulo lake. Wokhumudwayo mudzamupepesa mawa, poti wachibale amakwiya ndi kuleka. Chipata cha mayeso sichimva kupepesa.