Jombo ya Jailosi

Mumzinda wina munali munthu wotola zinyalala, dzina lake Jailosi. Amene anamulakwira ndi Laitoni mwana wa a Sikelo, ndipo anamulakwira chaka chimene chimanga chinakwera mtengo mpaka anthu a m'tauni n'kumagula cha m'mbale. Mayina awiriwa muwasunge, abale anga, chifukwa mlandu suola.

Jailosi anagwira ntchito ku khonsolo ya mzindawo kuyambira tsitsi lili bii mpaka imvi zitamera. M'mamawa ankakwera kumbuyo kwa lole, n'kumatsika pa mgolo uliwonse wa zinyalala, kuusenza, kuukhuthula, kukweranso. Za kumsika, za m'maofesi, za m'nyumba za anthu olemera, zonse zinkadutsa m'manja mwake. Iye ankakonda kunena kuti munthu umamudziwa bwino ukaona zimene wataya.

Koma zaka zonsezo sanalembedwe ntchito yokhazikika. Anali wa tikiti. Wa tikiti ndi munthu amene mwezi ukatha amamulipira, wina ukayamba amamulembanso ngati mlendo amene sanamuonepo. Wa tikiti alibe penshoni. Akadwala, tsikulo lapita. Akafa, khonsolo situmiza ngakhale thabwa la bokosi.

Chimene Jailosi ankafuna chinali chimodzi chokha: amulembe yokhazikika msana usanathe, kuti pokalamba asakakhale munthu wodyera kwa mkamwini. Mkazi wake anali atamwalira kale. Mwana anali naye mmodzi, wamkazi, wokwatiwa kwa munthu wowerenga nthongo za anthu pakudya.

Laitoni anabwera pa lolepo atangochoka kumene kusukulu, manja ofewa ngati a khanda. Tsiku loyamba anasanza ndi fungo. Anzake anamuseka, koma Jailosi anamuphunzitsa kupuma ndi pakamwa, kunyamula mgolo ndi mawondo osati ndi msana, ndiponso kusaponda pamene maso sanafike. Tsiku lina botolo losweka linamucheka phazi ku dzala la mzinda, ndipo Jailosi anamubereka kumsana mpaka kumsewu. Kuyambira pamenepo Laitoni ankamutchula kuti "bambo anga." Posakhalitsa khonsolo inamulemba Laitoni ntchito yokhazikika, poti anali ndi sukulu. Jailosi anakondwera ngati walembedwa ndi iye.

Ndiye chinafika chaka cha chimanga chija. Malipiro anasanduka madzi a m'lichero. Mabungwe a ogwira ntchito ku khonsolo analipo awiri. Lina linali la makalaliki a m'maofesi. Lina linali la ogwira ntchito zamanja: otola zinyalala, osesa m'misewu, ochotsa matope m'ngalande, okumba manda. Mabungwe onse awiri anagwirizana zokakumana ndi akuluakulu a khonsolo, kukanena kuti malipiro akwere ndipo a tikiti alembedwe yokhazikika.

A ntchito zamanja anasonkhana pansi pa mtengo wa mthethe kuseri kwa galaja ya malole, kuti asankhe wokawayankhulira. Ambiri anati apite Jailosi, poti ndiye wakale. Jailosi anapukusa mutu.

"Ine sukulu ndinalekeza ndikulemba pansi ndi chala. Uko amayankhula Chingerezi. Adzanditukwana, ine n'kumati zikomo bwana. Apite mwana wangayu."

Anthu anaseka, navomera. Laitoni anakwera pa lole, atavala ovololo ngati wina aliyense.

"Bambo anga, musade nkhawa. Ife tavutika mokwanira. Ife tikangokhala pansi, mzinda uno ununkha mpaka ku nyumba za mabwana!"

Anthu anaomba m'manja, amayi osesa analuluta. Pamenepo Jailosi anawerama, navula jombo yake ya kumanzere. Inali yobooka pansi, yong'ambika ku chidendene, yosokedwa ndi waya wa matayala. M'kati anali atayalamo chikatoni kuti misomali isamulase.

"Tenga iyi," anatero. "Mawu akakuthera, kapena Chingerezi chawo chikakukulira, ungoiika patebulo. Iyankhula yokha."

Laitoni anailandira ndi manja awiri.

Kuyambira tsikulo Jailosi ankagwira ntchito phazi limodzi lili m'jombo, lina atalikulunga chiguduli ndi pulasitiki. Mvula inali itayamba. Madzi a m'ngalande ankalowa mpaka m'zala. Anzake ankamucheza, amvekere, "Madala, kodi jombo inayo inapita kukaphunzira Chingerezi?" Iye ankangoseka, n'kuyankha kuti, "Ili pa msonkhano. Ikudya ndi mabwana."

Atabwerako ku zokambirana zoyamba, Laitoni anaimanso pa lole. Anati mabwana akuti ndalama kulibe, koma ife sitinagwedezeke. Jailosi anamukokera pambali.

"Jombo ija waionetsa?"

"Nthawi yake sinakwane, bambo anga."

Zokambirana zinatalika. Zinachoka m'chipinda cha ku galaja, zinapita ku holo ya khonsolo, kumene mipando yake ndi yofewa ndipo masana kumabwera chakudya. Laitoni anayamba kuvala jekete, akuti m'menemo simulowedwa ndi ovololo. Jailosi anamuikira kumbuyo pamene ena ankang'ung'udza. Anati, "Musiyeni mwana. Ovololo imanunkha, tonse tikudziwa." Masaya a Laitoni anayamba kusalala. Pansi pa mthethe paja ankafikapo mwa apo ndi apo, ndipo akafika sankakweranso pa lole, kuopa kudetsa thalauza. Ankaima patali pang'ono, n'kumati zinthu izi n'zovuta, sitingapeze zonse pakamodzi.

Phazi la Jailosi linatupa. Pakati pa zala panachita zilonda. Sanadandaule, chifukwa ankati jombo yake ikugwira ntchito yoposa ya phazi.

Tsiku lina m'mawa lole yawo inafika kuseri kwa holo ya khonsolo. Jailosi anatsika, anasenza mgolo wa pamenepo, nakhuthula. Munatuluka mafupa a nkhuku, mabotolo a zakumwa, mpunga wotsala. Ndipo pamwamba pa zonsezo panagwa jombo. Ya kumanzere. Yosokedwa ndi waya wa matayala.

Jailosi anaima. Anaitola, naitembenuza. Chikatoni chija chinali momwemo, chitanyowa ndi msuzi.

"Madala, kwerani, tachedwa!" anakuwa dalaivala.

Mukuganiza anachita chiyani, abale anga? Munthu wosauka sataya jombo chifukwa chokwiya. Anamasula chiguduli chija, anapukuta msuziwo, naivala. Anakwera pa lole osauza munthu.

Masana a tsiku lomwelo a khonsolo anaitana ogwira ntchito onse kuti akamve zotsatira. Pa khonde la holo panaima mkulu wa khonsolo, pambali pake mtsogoleri wa makalaliki, pambali pakenso Laitoni. Anthu anaima pabwalo, padzuwa. Amene anapatsidwa kuti alengeze kwa a ntchito zamanja ndi Laitoni.

"Malipiro akwera!" anatero.

Bwalo lonse linasokosa. Ena anaponya zipewa m'mwamba. Laitoni anadikira kuti phokoso litsike, natsokomola.

"Koma khonsolo singakwanitse zonse. Kuti okhazikika akwezedwe, ntchito ya tikiti ikutha mwezi uno. Inu a tikiti muyenera kumvetsa. Inu mukapume kaye kunyumba. Zinthu zikakhala bwino tidzakuitanani."

Jailosi Chingerezi sankachidziwa, koma Chichewa ankachimva. Anamva mawu akuti "inu." Anamvanso akuti "tidzakuitanani," ndipo anadziwa kuti m'kati mwa mawuwo iye mulibe. Muli Laitoni ndi mabwana.

Anayenda pang'onopang'ono, akutsimphina, mpaka m'munsi mwa khondelo.

"Laitoni, mwana wanga, ukuti mudzatiitana iwe ndi yani? Nanga ife uja wapita kuti?"

Laitoni anayang'ana pansi. Anaona mapazi a Jailosi, onse awiri ali m'jombo. Anaona waya uja. Nkhope yake inasintha.

Apa m'pamene panali mphambano, abale anga. Mgwirizano unali utangolengezedwa, anthu onse anali pomwepo, malole anali asanatulukenso. Laitoni akanatha kutsika pa khondelo n'kuima pakati pa anzake. Akanatha kunena kuti ife sitikuvomera. Masitepe ake anali ochepa, oti ngakhale mwana wokwawa angatsike. Laitoni anayang'ana Jailosi, anayang'ana mkulu wa khonsolo, nakonza jekete.

"A Jailosi, msonkhano uno uli ndi dongosolo lake. Mafunso mukafunse ku ofesi."

Sanatinso bambo anga. Anati a Jailosi.

Ndipo okhazikika aja, amene Jailosi anasenza nawo migolo, amene anagawana nawo chinangwa chootcha, onse anapeza choyang'ana. Wina ankayang'ana mitambo. Wina ankafufuza chinthu m'thumba. Munthu akakwezedwa malipiro khosi limauma, silitembenukira kwa mnzake.

Mwezi unatha. Jailosi anakabweza ovololo ku sitolo ya khonsolo. Atapereka jombo, wa m'sitolomo anatseka mphuno, nati, "Zimenezo mukataye nokha." Anabwerera nazo. Nyumba ya lendi anaisiya. Anakakhala kwa mkamwini uja, m'kachipinda kosungira makasu, kumadikira kuitanidwa pa chakudya ngati mwana wamasiye. Chimene ankachiopa moyo wake wonse n'chimene chinamupeza.

Koma Laitoni a khonsolo anamukweza kukhala kapitawo wa malole onse, namupatsa njinga yamoto. Ankadutsa pa msewu wa kwa mkamwini uja, fumbi koboo, osaima. Anaiwala zimene akuluakulu ananena, kuti ukakhala pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame.

Koma khonsolo inali itaphunzira kuti bungwe la ntchito zamanja lingagawidwe ngati mkate. Patapita nyengo, ntchito yonse ya zinyalala anaipereka ku kampani ina. Malole anagulitsidwa. Kumene kulibe malole, kapitawo wa malole ndi wa chiyani? Analanda njinga ija, namuuza kuti akapume kaye kunyumba.

Tsiku lina Jailosi ali pa mpando wa ndalema kuseri kwa nyumba, akusoka jombo yomwe ija, anaona munthu akubwera wapansi, wowonda, jekete itatuwa m'mapewa. Anali Laitoni. Anakhala pansi penipeni, pa dothi.

"Bambo anga," anatero, "a khonsolo atitaya. Mundithandize kusonkhanitsa anzathu akale aja. Inu amakumverani. Ife tikapita pamodzi atimva."

Jailosi anakoka waya, naumanga, naudula. Kenako anakweza maso.

"Ife ndani?"

Laitoni anadzuka, anasasa fumbi, napita.

Ndikuona ena mwa inu mukugwedeza mitu, mukuti nanga Jailosi bwanji sanakhululuke. Funso limenelo amafulumira kulifunsa ndi anthu amene ali ndi penshoni. Kukhululuka kulipo, ndipo Mulungu amakufuna. Koma Laitoni sanabwere kudzapepesa. Za jombo sanatchule. Anabwera kudzabwereka mawu amene anawataya yekha mu mgolo, chifukwa tsopano anali kuwafuna.

Tanthauzo lake ndi ili. Tchimo la Laitoni silinayambe pa khonde paja. Linayamba pang'onopang'ono, pa mpando wofewa, pamene kamawu kakang'ono kanayamba kusintha m'kamwa mwake. Analowa akuti ife, anatuluka akuti inu. Munthu akasiya kunena kuti ife, zotsalazo sizivuta. Jombo imatayika yokha.

Ife tili naye wotiyankhulira amene sanatero. Mwana wa Mulungu atabwera kudzatiimira sanatseke mphuno. Anavala thupi lathu lomweli, lotopa, lonunkha thukuta. Pobwerera kwa Atate sanasiye zilonda panja pa khomo kuti aoneke bwino. Analowa nazo, m'manja ndi m'mapazi, ndipo zikuyankhula zokha mpaka lero. Ngakhale pemphero limene anatiphunzitsa silipempha chakudya cha munthu mmodzi. Limapempha cha ife tonse. Amene amalinena Lamulungu, Lolemba n'kukagulitsa mnzake kuti mbale yake idzaze, akunamiza Mulungu.

Tsono inu amene munasankhidwa, kaya ndi mu mpingo muno, kaya ku bungwe la kuntchito, kaya pa komiti ya chitukuko, pali munthu anakupatsani jombo yake. Iye akuyenda ndi chiguduli kuphazi, akukhulupirira kuti ili patebulo. Ili kuti? Musaganize kuti mukaitaya kuseri kwa holo yatha. Mulungu nayenso amakhuthula migolo. Pa tsiku lomaliza sadzafunsa zimene munanena pa khonde. Adzayang'ana zimene munataya.

Laitoni anadwala chifuwa. Mkazi wake anali atabwerera kwawo. Anafera kuchipatala, ndipo panalibe wobwera kudzatenga mtembo. Anamunyamula ndi a khonsolo, nakamuika m'dzenje limodzi ndi ena osadziwika. Okumba dzenjelo anali a ganyu, ndipo sanafunse dzina lake.