Mfundo Youma

Anzake kuntchito ankamutcha Ndikudziwa, chifukwa mawu ake oyamba anali amenewo nthawi zonse. Anali makaniko, munthu wamtima wabwino koma wouma khosi. Kampani inali itamusamutsa, ndipo anatsala ndi Loweruka limodzi lokha lowedza kudamu ndi mlamu wake. M'damumo munali chinsomba chokamwa pakulu chimene chinawazemba zaka zambiri. Iye analumbira kuti sachoka asanachigwire.

Anagula chingwe chatsopano cha fulorokaboni, chija amati nsomba siichiona m'madzi. Kukhitchini kunasanduka malo oyesera. Anachiviika m'botolo la madzi: chinazimirira ndithu. Anachikwecha pamphepete mwa sinki: sichinalale. Kenako anachikulunga pachogwirira cha chidebe chodzaza, nanyamula. Chinapirira. Mkazi wake, akukolopa madzi otayikawo, anamukumbutsa kuti achimwene ake, mlamu wowedza naye uja, anachiyamba kale chingwe chotere, bwanji osawafunsa. Bamboyo anangoseka. Wamanga mbedza kuyambira ali mwana, wina amuphunzitse chiyani?

Koma pachidebe paja anangokulunga. Mfundo sanaiyese.

Loweruka m'bwato, anamanga mbedza mofulumira, nakoka mfundo ili youma. Mlamu wake anatsegula pakamwa. Ndikudziwa anakweza chala, ati phokoso lithamangitsa nsomba. 

Dzuwa litakwera, ndodo yowedzera ya Ndikudziwa inapindika ngati uta. Chinsomba chija chinavuuka, kukamwa kuli yasa, mbedza ili pamlomo.  Anakoka, icho chinakoka. Kenako phwee, chingwe chinabwera chopepuka, nsonga yake itapotana ngati mchira wa nkhumba.

 Mlamu wake anamuthirira tiyi wa m'fulasiki, namufotokozera mofatsa kuti chingwe chimenechi chimapsa ukachikoka chouma. Mfundo imafuna malovu kaye, ndi kukoka pang'onopang'ono.

“Malovu basi? Nanga osandiuza bwanji, alamu?”

“Mlongo wanga wayesa zaka zonsezi, ine ndikanatha m'mawa umodzi?”

Ndikudziwa anaseka, misozi ikulengeza. Anatenga mbedza ina, naipereka ndi manja awiri, napempha kuti amusonyeze. Anawedza mpaka masana. Chinsombacho sichinabwerenso, ndipo Lolemba lole ya katundu inanyamuka.

Akuluakulu sananame: safunsa anadya phula.