Mlendo wa Zaka Makumi Atatu

Kalekale, midzi idakali yosamukasamuka, padali mwamuna wina dzina lake Dzimbiri. Tchera khutu, mphwanga. Si yaitali.

Dzimbiri adali woluka malichero. Adakwatira mkazi wa kutsidya kwa mtsinje, dzina lake Nankhoma, nakakhala kwawo kwa mkaziyo monga mkamwini. Adafika ndi khasu ndi mphasa. Khasu ndi mphasa basi.

Mlongo wake wa Nankhoma, Chipeni, ndiye adali mwinimbumba, woyang'anira alongo ake ndi ana awo. Adalozera Dzimbiri munda. Adamuuza kuti alime chimanga, alime nyemba, koma mtengo asabzale, pakuti mkamwini ndi mlendo, ndipo mlendo sabzala chinthu chimene adzachisiya. Dzimbiri adawomba m'manja, navomera.

Nsungwi zolukira ankazitenga kuphiri, ulendo wa tsiku lathunthu. Nankhoma adaona zidendene za mwamuna wake zikung'ambika. Tsiku lina adapita naye, nazula tsinde la nsungwi, nadzalibzala kuseri kwa nyumba. Chipeni atafunsa, iye adati, "Zabzalidwa ndi manja anga, achimwene. Kapena nanenso ndine mlendo?"

Chipeni adaseka, nkhani nithera pomwepo.

Mvula idabwera, mvula idapita. Dzimbiri adakumba chitsime cha mudzi, ndipo mwala udamugwera pamwendo, numusiyira chipsera. Kudabadwa mwana wamkazi, Ndaziona. Mvula idabwera, mvula idapita. Pakagwa maliro, Dzimbiri ndiye ankayamba kukumba manda. Iye ndi Chipeni ankadyera mbale imodzi. Chipeni ankamuseka kuti amadya ngati mwini mudzi, ndipo Dzimbiri ankayankha kuti, "Alamu, mlendo amamuphera nkhuku. Ine mwandidyetsa nkhwani zaka zonsezi."

Zidakwana zaka makumi atatu. Nankhoma adadwala, namwalira.

Adamuika. Patapita masiku, anthu adameta tsitsi, monga amachitira potsiriza maliro. Kumeta kutatha, idafika nthawi yosudzula wamasiye, ndiko kumumasula kuti abwerere kwawo.

Palibe amene ankafuna. Ndaziona, amene tsopano adali ndi ana akeake, adalira. Amayi otunga madzi pachitsime chija adaweramitsa mitu. Koma aliyense ankati ndi mwambo, ndipo aliyense ankayang'ana Chipeni. Chipeni adaimirira pabwalo, maso ali pansi.

"Alamu, chimene chidakumangani kuno chagona kumanda. Takusudzulani. Bwererani kwanu."

Dzimbiri adawomba m'manja, monga adachitira tsiku loyamba. Adatenga khasu ndi mphasa. Khasu ndi mphasa basi. Galu wa Chipeni adamutsata.

Adawoloka mtsinje. Pamene padali mudzi wa amayi ake adapezapo thengo. Adafunsafunsa, napeza kumene adasamukira. Ana a alongo ake adamupatsa madzi, namufunsa kuti akufuna kwa yani. Adatchula dzina la amayi ake. Adayang'anana. Nkhalamba imodzi yokha ndiyo idamukumbukira, ndipo idamufunsa kuti abwerera liti kwawo, kumene adamanga banja.

Tsiku limenelo adamuphera nkhuku. Dzimbiri sadaidye.

M'mawa adanyamuka. Kutsidya uku ankati kwanu ndi uko. Kutsidya uko ankati kwanu ndi uku. Adafika pamphambano, pafupi ndi dooko, namanga msasa wa udzu, nayala mphasa yake.

Galu uja adagona pakhomo. Dzimbiri adati, "Iwe, ukunditsatiranji? Sudamve kuti ndine mlendo?"

Galu adati, "Ndakununkhizani kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Mukununkha utsi wa kwathu. Mlendoyo ali pati?"



Ndaziona ankabwera ndi chakudya. Ankachonderera bambo ake kuti abwerere, akakhale m'nyumba mwake, ndipo ankati palibe amene angawathamangitse. Iwo ankakana. Ankati mawu adanenedwa pabwalo, ndipo mawu a pabwalo sabwezedwa ndi mwana. Waona, mphwanga? Nayenso mwini wake adali atakhulupirira kuti ndi mlendo.

Chipeni ankadya yekha. Tsiku ndi tsiku ankaona galu wake akupita kudooko m'mawa, nabwera dzuwa litapendeka, mpaka udzu udagona, nipakhala kanjira. Mumtima ankati tikakolola ndidzapita kukamutenga. Adakolola. Ankati tikamanga nkhokwe ndidzapita. Adamanga. Chimene chinkamugwira miyendo chidali manyazi. Munthu wamkulu angabweze bwanji mawu ake anthu akuona?

Idafika nyengo yachisanu, mwera ukuwomba. Tsiku lina galu adabwera dzuwa lili pamutu, nakhala pakhomo pa Chipeni, nayamba kulira.

Atapita kumsasa, adamupeza Dzimbiri atamwalira pamphasa yake, khasu lili pambali.

Adatumiza uthenga kutsidya. Akumeneko adati mukamuike kwawo. Akuno nawonso adati akaikidwe kwawo. Adakambirana mpaka dzuwa lidatentha, maliro ali mumsasa. Chipeni adatenga mtsuko wa madzi, nalowa kukasambitsa mlamu wake ndi manja ake, ntchito imene sidali yake.

Atatuluka, adaima pamaso pa onse. Ulendo uno maso sadali pansi.

"Ndamusambitsa thupi lonse. M'manja mwake ndapeza zikang'a za munda wathu. Pamwendo ndapeza chipsera cha chitsime chathu. Ndafunafuna pamene pali chilendo, sindidapapeze. Amene akupadziwa alowe, adzandilozere."

Palibe amene adalowa.

Adadula nsungwi zimene Nankhoma adabzala, namanga chithatha chonyamulira maliro. Adadutsa m'kanjira ka galu kaja. Chipeni, ndi ukalamba wakewo, adatenga khasu la Dzimbiri, nayamba kukumba pafupi ndi mtumbira wa mlongo wake. Ndaziona adaima chapatali, osalira. Malume ake atamuyandikira, adangoti, "Mwawapatsa malo, malume. Zikomo. Koma sakumva."

Chipeni adakhalanso zaka zingapo. Sadadyerenso mbale imodzi ndi munthu.

Mphwanga, pali zinthu zimene sitidazionepo ndi maso. Chilendo. Kwanu. Manyazi. Zilibe manja, koma zidanyamula munthu wamoyo, nizimusiya pamphambano. Tidazipanga ndife, kuti tidziwe polima ndi pogona, kuti ana asasowe mwini. Sindikuti n'zachabe. Popanda izo mudzi sungaime. Koma tikazisenza nthawi yaitali timaiwala kuti zidachoka m'kamwa mwathu, ndipo timayamba kuziona izo m'malo mwa munthu amene wakhala patsogolo pathu.

Mlongo wathu tamuika. Mawa kuli kumeta, ndipo woimirira pabwalo ndiwe. Alamu athu akhala uko, pansi pa mtengo, kuyambira m'mawa. Ndaona kuti akulunga kale mphasa yawo.

Ine sindikuuza chochita.

Yanga nthano yathera pomwepo.