Mlongoti ndi Lole ya Simenti

Kalekale, koma osati kale la makolo ayi, kale loti ena mwa inu munali mutamera kale mano, ku Luchenza kunali timu ya mpira wa basiketi yotchedwa Anamzeze. Mphunzitsi wake anali Mayi Namaona, munthu wamfupi koma wamawu, woti akakuwa kuseri kwa msika, ogulitsa tomato kutsogolo ankayankha kuti "Wawa!"

Bwalo la Anamzeze linali lomvetsa chisoni, tisabisane. Linali dothi lofiira basi, ndipo mikombero yoponyamo mpira inali malimu a njinga okhomedwa pa mitengo ya bulugama. Chilimwe osewera ankadya fumbi. Dzinja likafika ndiye panali nkhani, chifukwa mpira wa basiketi umafuna kunjanja, koma pa matope umangoti phwa! n'kukhala pomwepo ngati dzungu. Mayi Namaona ankalota zinthu ziwiri zokha pa moyo wawo: bwalo la simenti, ndi chikho cha chigawo chonse cha kummwera.

Tsiku lina mayiwa anaona mnyamata akuthyola mapapaya ndi manja, anzake akuvutika ndi nsungwi. Dzina lake anali Lingisoni Makwinja, koma chifukwa cha msinkhu aliyense ankangomutcha Mlongoti. Mayi Namaona anamukoka malaya n'kupita naye ku bwalo, ndipo anamuphunzitsa kwa zaka ndithu, mokalipa ndi moseka momwe, mpaka mnyamata uja anasanduka chiopsezo. Iye akalumpha, ena onse ankangoyang'ana kumwamba kukamwa kuli yasa. Ndi iyeyu Anamzeze anafika mu ndime yomaliza ya chikho, koyamba chiyambire timuyo, ndipo adani awo anali Ng'ona za ku Liwonde.

Tsono chikondi sichiona kalendala ya masewera. Pa ulendo wina wokasewera ku Liwonde, Mlongoti anakumana ndi mtsikana wina, Nelesi, ndipo anagwa naye m'chikondi chosadzukanso. Chinkhoswe chinachitika, ukwati unaikidwa kuti udzakhale anthu akakolola. Kwawo kwa Nelesi ndi kwa chikamwini, mwamuna ndiye amasamuka kukamanga kwa mkazi. Ndipo ngati zimenezo sizinakwane, malume ake a Nelesi anali a Mpulula, mwini sitolo ya zipangizo zomangira, amenenso anali mwini wake wa Ng'ona. Mgwirizano wa Mlongoti ndi Anamzeze unali wotha ndi masewera a chikho omwewo. Akatha, mnyamatayo anali mfulu kupita kulikonse popanda wolipira kanthu.

A Mpulula sanali munthu wogona. Anafika ku Luchenza atavala chipewa chachikulu, nayang'ana bwalo lija, napukusa mutu.

"Mayi, tiyeni tikambe ngati akuluakulu," anatero. "Mnyamatayu akubwera kwathu, mufune musafune. Akangokwatira ndi wathu, waulere ngati mvula. Koma ine sindikonda zolanda. Ndipatseni pano, asanatseke kulembetsa osewera, ndipo ndikumangirani bwalo la simenti, mikombero yake yeniyeni, ya maukonde."

"Ndiye pa chikho adzasewera ndi ife?" anafunsa Mayi Namaona.

"Adzasewera tsiku lomwelo, bwalo lomwelo," a Mpulula anayankha akumwetulira, "kungoti adzakhala atavala zathu."

Mayi Namaona anamva ngati wina wawathira madzi ozizira kumsana, nati akayambe aganiza kaye. Nkhani inafala, ndipo alangizi sanachedwe kubwera, paja malangizo ndi chinthu chokhacho chimene anthu amapereka osadandaula.

Woyamba kufika anali a Sikelo, owotcherera zitsulo. Iwowa ndi amene anapanga mikombero ya malimu ija, ndipo Mlongoti akaithyola polendewera, ankaikonza osafunsa ngakhale ya sopo.

"Mayi, musachedwe, landirani," anatero a Sikelo. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwamphepo. Chikho simunachigwire. Mukhoza kumusunga mnyamatayu n'kugonja ndithu, kenako iye wapita, simenti yapita, inu mwatsala ndi matope anu. Nanga mutapambana, chikho n'chiyani? Chitini chonyezimira, ine nditha kukuwotchererani china mawa. Koma bwalo lidzalera a Mlongoti ena khumi. Ana onse amene amathawa masewera mvula ikayamba adzabwerera."

Mayi Namaona anavomera ndi mutu, pakuti zinali zoona.

Atangochoka a Sikelo, anatulukira kaputeni wa timu, Jafali, akutsimphina pang'ono. Jafali anali wamkulu pa onse, ndipo kwa zaka zonsezi ndi iye ankaponyera Mlongoti mipira, anthu n'kumaombera m'manja womwetsa, woponya osamuona. Mawondo ake anali atatopa, ndipo chaka chimenecho chinali chake chomaliza.

"A kochi, ine ndamva zoti mukufuna kutigulitsa," anatero.

"Sindikugulitsa iwe, ndani angakugule ndi mawondo amenewo?"

Jafali anaseka, koma misozi ili m'maso. "Mukagulitsa Mlongoti mwagulitsa tonse. Tadya fumbi limodzi, tagwa m'matope limodzi, ndipo lero tafika pakhomo penipeni mukuti tibwerere? Simenti imagulidwa m'sitolo chaka chilichonse, a kochi. Ndime yomaliza siigulidwa. Anyamata akaona kuti mwasinthanitsa mnzawo ndi matumba, bwalo lanu lokongolalo adzaseweramo ndani? Mbuzi?"

Mayi Namaona anavomeranso ndi mutu, pakuti izinso zinali zoona.

Wachitatu sanamuyembekezere. Anatsika minibasi yochokera ku Liwonde, nafunsa njira, nafika pakhomo pa mayiwa n'kugwada mwaulemu. Anali Nelesi mwini wake.

"Amayi, ndabwera amalume osadziwa," anatero mtsikanayo. "Chonde musalandire simentiyo. Kwathu mwamuna sagulidwa, amabwera yekha ndi miyendo yake. Panopa akazi anzanga ayamba kale kundiseka kumjigo, ati Nelesi amalume ake amulowolera mwamuna ndi matumba a simenti. Ena ayamba kumutcha Bambo Simenti. Dzina lotere silichoka, lidzafika mpaka kwa ana athu."

"Chabwino mwanawe, ndiye ndimusunge," anatero Mayi Namaona, mtima utayamba kupepuka.

Nelesi anayang'ana pansi, nayamba kukanda dothi ndi chala. "Komatu mukamusunga, amayi, mumuuze asawamwetse kwambiri amalume. Malo amene tidzamangepo nyumba ndi iwo opereka. Mudzi wonse udzakhala uli pabwalo tsiku limenelo. Mkamwini amene wachititsa manyazi eni mudzi asanalowe n'komwe, adzamwa madzi a pakhomo ndi mtima wotani?"

"Iwe mwana," anadabwa mayiwo, "ukufuna ndimusunge kapena ndimupereke?"

"Ndikufuna ukwati wanga ukhale wamtendere basi," anayankha Nelesi, ndipo anakana ngakhale tiyi, nathamangira minibasi yobwerera.

Apa Mayi Namaona anaganiza zofunsa mwini nkhani. Anamupeza Mlongoti pabwalo akuponya mpira yekhayekha, akuimba kanyimbo ka ukwati, nkhope ili ngwee ngati munthu wopanda vuto lililonse pa dziko lapansi. Zinawapsetsa mtima, komanso anamumvera chisoni, poti ankamukonda ngati mwana wobala okha.

"Lingisoni, tsika kuno ndikuyankhule." Mnyamatayo anakhala pansi, ndipo mitu yawo inafanana msinkhu. "Ukufuna chiyani iweyo?"

"Mayi, inu munandipeza pansi pa mpapaya ndisakudziwa kanthu. Mukati pita, ndipita. Mukati khala, ndikhala."

"Ukakhala, udzawamwetsa amalume a mkazi wako ndi mtima wonse?"

Mlongoti anakanda m'mutu. "Ndidzayesetsa, mayi."

"Nanga ukapita, udzamumwetsa Jafali ndi mtima wonse?"

Anakandanso m'mutu, nthawi ino kwa kanthawi ndithu. "Ndidzayesetsanso, mayi."

"Choka apa, wautali wopanda nzeru iwe!" anakuwa mayiwo, koma kuseka kunawapambana, onse awiri n'kuseka mpaka kugwira nthiti. Ataseka n'kumaliza, vuto linali likadali pomwepo.

Tsiku lotseka kulembetsa osewera linafika ndi mvula ya mawawa. M'mawa womwewo anthu anamva kulira kwa lole, ndipo a Mpulula anatulukira ndi simenti yodzaza, yofunditsidwa lona, pamwamba pake pali mikombero iwiri yatsopano. Anaimika lole pambali pa bwalo, osazimitsa injini. Msika wonse unasiya malonda n'kukhamukira kumeneko. A Sikelo anali atayamba kale kuyeza bwalo ndi mapazi. Jafali ndi anyamata ake anaima mbali ina atavala yunifolomu, manja atapinda pachifuwa, matope ali m'miyendo. Mlongoti anaima pakati, akumwetulira uku ndi uku ngati mkwati amene sakudziwa kuti akhale mbali iti ya tchalitchi.

A Mpulula anasuzumira pawindo. "Mayi, mafuta akutha! Titsitse kapena tibwerere nayo?"

Mayi Namaona anapita patsogolo, nsapato zikumira m'matope. Anayang'ana lole, anayang'ana Jafali, anayang'ana mnyamata amene anamulera ndi manja awo, yemwe njira iliyonse anali wopita ndithu. Anakoka mpweya, natsegula pakamwa.

Ine ndiima pomwepa, chifukwa ndaona kuti ena mwa inu mwayamba kale kuloza zala. Amene mukuti atsitse simenti, mukamuuza chiyani Jafali, ndipo Nelesi adzalichotsa bwanji dzina limene apatsa mwamuna wake? Amene mukuti lole ibwerere, mudzati chiyani Mlongoti akadzachita mantha kumwetsa pamaso pa akwawo kwa mkazi wake, chikho n'kupita, iye n'kupita, dzinja n'kubweranso pa dothi lomwelo? Tandiuzani tsono, abale anga: mukanakhala Mayi Namaona, mutaima m'matope amenewo injini ikulira, mukanawayankha chiyani a Mpulula?